Chikwama chobereka cha mwendamnjira: yambani ndi msana, shopu pambuyo

Ife a ku Joni kulongedza timakudziwa. December akafika, kaimeni pamene pamakwerera mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe muone: zikwama zamizeremizere zija zitatupa mpaka zipi kukana, mabulangete, mafuta ophikira, nsapato za ana a achemwali. Luso limeneli ndi labwino chifukwa wonyamula ndi basi. Pa ulendo wa amwendamnjira, woyenda pansi masiku kapena masabata, basi yake ndi msana wanu, ndipo dzanja lozolowera kuponya chilichonse m'chikwama likhoza kukulemazani musanafike pakati pa njira.

Ndikulemba izi chifukwa nkhani ya ulendo wa ku Santiago de Compostela, ku Spain, yayamba kumveka pakati pathu tikatuluka m'tchalitchi. Kumeneko n'kumene mwambo wa Mpingo umati kuli manda a Yakobo Woyera, mtumwi uja. Chaka chimene tsiku lake la pa 25 July lagwa Lamulungu chimakhala chaka choyera, ndipo zimenezi zidzachitikanso mu 2027, n'chifukwa chake ena ayamba kale kusunga marandi. Koma malangizowa agwiranso ntchito kwa amene akuganiza zoyenda pansi mbali ina ya ulendo wa ku Namugongo, ku Uganda, pa chikondwerero cha amaritiri cha pa 3 June, kapena ulendo wina uliwonse umene katundu wanu yense mudzabereka nokha.

Choyamba: mukagona kuti?

Funso ili ndi limene limalamula kukula kwa chikwama kuposa kutalika kwa njira. Anthu ambiri amaganiza kuti woyenda mwezi wathunthu amafunika chikwama chachikulu kuposa woyenda sabata imodzi. Ayi ndithu. Njira yotchuka ya Camino Francés, yochokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France kukafika ku Santiago, ndi ya makilomita pafupifupi 780 ndipo ambiri amaimaliza m'masabata 5. Njira yaifupi yoyambira ku Sarria, m'dziko la Spain momwemo, ndi ya makilomita oposa pang'ono 110, ndipo anthu amaikonda chifukwa satifiketi yomaliza ulendo, yotchedwa Compostela, amapatsa munthu amene wayenda pansi makilomita osachepera 100. Onse awiriwa amanyamula katundu wofanana, pakuti aliyense amachapa madzulo n'kuvalanso zomwezo mawa. Wa mwezi uja amangogula sopo kawirikawiri.

Pa Camino, ndiye kuti njira zopita ku Santiago zimenezi, amwendamnjira amagona m'nyumba zotchedwa albergue, za mabedi osanjikizana, ndipo midzi ili pafupipafupi moti chakudya mumagula m'njira. Tenti, mapoto ndi ufa sizifunika. Ngati ulendo wanu uli wa mtundu wina, wogona m'makalasi a sukulu kapena pa khonde la parishi, funsani otsogolera gulu zinthu ziwiri: kodi pali galimoto yotsatira yonyamula zogonera, nanga chakudya aphika ndani? Galimoto ikakhalapo, kachikwama ka malita 20 ka madzi, jekete ndi kamba n'kokwanira. Ikapanda kukhalapo ndipo mphasa ndi bulangete zili pa inu, mwalowa m'gulu la malita 45 kupita m'tsogolo.

Dziwaninso nyengo. Ku Spain nyengo yozizira imabwera pamene ife kuno tikuotcha nyama pa Khrisimasi, ndipo June, July ndi August ndi miyezi yotentha. Ambiri amasankha May kapena September. Chigawo cha Galicia, kumene kuli Santiago, chimadziwika ndi mvula nthawi iliyonse ya chaka.

Chachiwiri: yalani katundu pabedi, mumuyeze

Musapite ku shopu musanachite izi. Chikwama chikabwera choyamba, mudzachidzaza basi, chifukwa malo opanda kanthu amaitana katundu. Katundu akayamba, chikwama chimatsatira muyeso wake.

Lamulo limene amwendamnjira ambiri amatsatira ndi lakuti chikwama chodzaza chisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lanu. Wa makilogalamu 70 anyamule 7, wa 60 anyamule 6. Si lamulo la m'Baibulo, koma ndi poyambira pabwino. Ine ndimaonjezapo kuti anzathu a matupi akuluakulu asalitenge ngati chilolezo: munthu wa makilogalamu 110 asanyamule 11, pakuti mawondo ake ali kale ndi ntchito. Kwa aliyense, kupitirira makilogalamu 8 ndiye kuti penapake pali katundu wa mantha.

Tsono muwerenge bwino, chifukwa makilogalamu 7 amenewa si a zovala zokha. Chikwama chopanda kanthu chimalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo pali malo ena, monga pakati pa Carrión de los Condes ndi Calzadilla de la Cueza, pamene mumayenda makilomita 17 osaona mudzi, choncho malita awiri amafunika. Mukachotsa zimenezi, zotsala za inu ndi makilogalamu 4 okha.

Nazi zimene zimakwana m'makilogalamu 4 amenewo. Malaya awiri osinthira a nsalu youma msanga, buluku kapena siketi imodzi yosinthira, zamkati ziwiri kapena zitatu, masokosi abwino mapeya atatu, juzi yopepuka, jekete ya mvula, chipewa, patapata zovala madzulo ndi posamba, kathawulo kakang'ono, chogonera chopyapyala cholowamo thupi lonse, sopo mmodzi wosambira ndi kuchapira yemwe, mswachi, mafuta odzola m'kabotolo kakang'ono, mapulasitala a matuza, mankhwala anu a masiku onse, foni ndi chaja yake, pasipoti, ndi kabuku kodindamo zidindo za m'njira kotchedwa credencial. Korona imalowa m'thumba la buluku. Baibulo lalikulu la chikuto cholimba lija lisiyeni pa tebulo, mutenge Chipangano Chatsopano chaching'ono kapena muwerenge pa foni.

Jinzi ikhale kunyumba. Ndi yolemera, ikanyowa imatenga masiku kuti iume, ndipo imasupula ntchafu. Chitenje chokha ndicho ndimachiikira kumbuyo, ngakhale kwa abambo: n'chopepuka, mumayala pa matiresi, mumafunda, mumatchinga bedi posintha zovala m'chipinda cha anthu 20, ndipo amayi amachivala polowa m'tchalitchi. Chimodzi basi, osati zitatu za Chigwirizano, za Legio ndi za kwaya.

Poyeza, imani pa sikelo ya kubafa opanda kanthu, kenako muimenso mutanyamula katundu yense m'jumbo, muchotsere. Ngati mulibe sikelo, m'mafamase ambiri muli yoyezera anthu. Chilichonse chimene mwachiika mukunena kuti "mwina chidzafunika," chichotseni. Ku Spain kuli mashopu ndi mafamase ngati kuno.

Chachitatu: malita

Zikwama zimagulitsidwa ndi nambala ya malita, ndipo kawirikawiri nambalayo imalembedwa pafupi ndi dzina lake. Kwa wogona m'ma albergue m'miyezi yofunda, malita 30 mpaka 36 ndi okwana. Wopita mu April kapena October, amene afunika juzi yokhuthala ndi chogonera chofunda, atenge 36 mpaka 40. Malita 50 kapena 60 amene ogulitsa ena angakulozereni ndi a okwera mapiri a Drakensberg ndi tenti ndi chitofu, kapena okagona pa Mulanje masiku angapo atanyamula chakudya chonse.

Ngati mukufuna kudziwa malita a katundu wanu musanachoke pakhomo, tengani ndowa ya malita 20 yochapira ija. Longedzani katundu mmenemo mosakanikiza kwambiri. Akadzaza ndowa imodzi ndi theka, ndi malita 30, ndiye onjezani malita 5 a botolo la madzi, buledi ndi nthochi za m'njira. Akadzaza ndowa ziwiri n'kusefukira, vuto si chikwama, bwererani pabedi paja.

Nambala za makampani sizifanana ndendende. Ena amawerengera ndi matumba a m'mbali, ena thumba lalikulu lokha, choncho chikwama cha 35 cha kampani ina chikhoza kuoneka chaching'ono kuposa cha 33 cha ina. N'chifukwa chake katundu wanu muyenera kupita naye ku shopu.

Chachinayi: yezani msana

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Chikwama chili ndi miyeso iwiri yosiyana: malita, ndi kutalika kwa mbali yogunda msana. Mukhoza kugula malita oyenera koma chikwamacho n'kukhala cha msana wa munthu wina. Kutalika kwa munthu sikuuza kanthu, pakuti pali anthu aatali a miyendo yaitali koma msana waufupi, ndi aafupi a msana wautali.

Mufunika tepi yofewa ya atelala ndi munthu wokuthandizani, akazi anu, amuna anu kapena mnzanu wa pa fulati. Imani chilili, muweramitse mutu chibwano chigunde pachifuwa. Wokuthandizaniyo apapase kumbuyo kwa khosi, apeza fupa limodzi lotumphuka kuposa ena pamene khosi limakumana ndi mapewa. Pamenepo ndi poyambira. Kenako dzutsani mutu, mugwire m'chiuno ndi manja onse awiri monga amachitira mayi wokalipira ana, zala zikhale kutsogolo, zala zazikulu ziloze kumsana, manja akhale pamwamba penipeni pa mafupa a m'chiuno. Mzere wongoganizira wochokera ku chala chachikulu china kufika ku chinzake ndiwo pothera. Tepi itsike kutsatira msana kuchokera pa fupa la khosi lija kufika pa mzerewo. Yezani kawiri, mulembe pa foni.

Akuluakulu ambiri amapeza nambala ya pakati pa masentimita 40 ndi 55. Kampani iliyonse ili ndi tchati chake chosonyeza kuti nambala yanu ikugwa pa S, M kapena L, ndipo zikwama zambiri za masiku ano zili ndi posunthira malamba a m'mapewa kukwera kapena kutsika. Chotere ndi chabwino kwa wogula koyamba, ndiponso mukhoza kudzabwereka mnzanu wa msinkhu wina.

Yezaninso kuzungulira chiuno, pa mafupa paja, osati pamene mumamanga lamba wa buluku. Chifukwa chake n'chakuti chikwama chabwino sichinyamulidwa ndi mapewa. Kulemera kochuluka kumayenera kukhala pa lamba wokhuthala wa m'chiuno, kuti miyendo ndiyo igwire ntchito, mapewa azingoletsa chikwama kugwera chagada. Chikwama cha sukulu kapena cha laputopu chimene mumakwera nacho takisi ya ku Bree chilibe lamba ameneyu, kapena chili ndi kachingwe chabe, ndiye ngakhale chitakhala cha malita 30, si cha ulendowu. Mukadzayenda nacho maola 6, manja amachita dzanzi ndipo khosi limauma.

Amayi, funsani zikwama zosokedwera akazi. Si nkhani ya mtundu wa pinki ayi. Malamba ake a m'mapewa amakhota mopewa mabere, msana wake ndi waufupiko, ndipo lamba wa m'chiuno amapendekeka motsatira chiuno cha mayi. Ena amapeza kuti cha abambo ndicho chikuwakhala bwino, palibe mlandu, koma muyese zonse ziwiri.

Chachisanu: ku shopu

Mu Johannesburg simusowa kokagula. Cape Union Mart ili m'ma mall ambiri ndipo imagulitsa zikwama za K-Way, palinso Outdoor Warehouse ndi Decathlon, ndipo maina ngati First Ascent, Deuter ndi Osprey mudzakumana nawo. Dzina lisakutengeni mtima. Chikwama chodula chosakwana msana wanu chimapweteka chimodzimodzi ndi chotchipa.

Pitani pakati pa sabata kapena m'mawa, osati Loweruka la malipiro pamene ogulitsa alibe nthawi ndi munthu. Tengani katundu wanu uja m'jumbo, muuze mlonda pakhomo kuti mwabwera kudzayesa chikwama. Ngati n'zovuta, pemphani kuti akuikireni zolemera zokwana makilogalamu 7. Chikwama chopanda kanthu chilichonse chimakoma pamsana, ndiye kuyesa chopanda katundu n'kungotaya nthawi.

Kavalidwe kake kali ndi dongosolo. Masulani malamba onse kaye. Berekani chikwamacho, muweramire kutsogolo pang'ono, mumange lamba wa m'chiuno kuti pakati pa mbali yake yofewa pakhale pa mafupa aja, mukoke mpaka agwire. Pakati pa mbali ziwiri zofewazo kutsogolo patsale mpata, chifukwa pa ulendo wautali mimba imaphwa ndipo mudzafuna pokokera. Kenako kokani malamba a m'mapewa kuti agone pathupi, osakanikiza. Pamwamba pa mapewa pali timalamba tina tiwiri tochokera kumutu kwa chikwama, tikokeni pang'ono kuti chikwama chiyandikire msana. Pomaliza mangani kalamba ka pachifuwa, kosathina, koti mupume bwino.

Tsopano imani chammbali pa galasi. Malamba a m'mapewa ayenera kuzungulira phewa n'kukalowa m'chikwama pang'ono kunsi kwa msonga ya phewa, popanda mpata. Mukaona mpata woti dzanja lilowe pakati pa lamba ndi phewa, msana wa chikwamacho ndi wautali kwa inu. Mukamva kulemera konse kukukanikiza mapewa ngakhale lamba wa m'chiuno wamangidwa, ndi waufupi. Yang'anani kumwamba ngati mukuona nsanja ya tchalitchi: mutu usagunde chikwama. Yendani nacho m'shopumo kwa mphindi 15, mukwere masitepe ngati alipo, muwerame ngati mukumanga nsapato. Ogulitsa akakuyang'anani, asiyeni ayang'ane, marandi ake ndi masauzande ndipo ndi anu.

Zing'onozing'ono zoti muone mwachangu: matumba a m'mbali oti mufikire botolo osavula chikwama, timatumba ta pa lamba wa m'chiuno toika foni ndi mtedza, chovindikira cha mvula, ndi msana wa ukonde wolola mphepo kudutsa ngati ndinu wa thukuta lambiri. Mazipi ambirimbiri amangoonjezera kulemera. Funsaninso ngati amalola kubweza kapena kusintha, ndipo lisiti mulisunge.

Wa m'thumba mochepa asataye mtima. Anthu ambiri amagula chikwama cha ulendo umodzi n'kuchigulitsa pa Facebook Marketplace chikadali chatsopano. Kayeseni kaye ku shopu kuti mudziwe mtundu ndi saizi yokukwanani, ndiye mukasake chakale. Kumanani ndi wogulitsa pamalo a anthu ambiri, musatumize ndalama musanachigwire, ndipo muone mazipi, zomangira za pulasitiki ndi ulusi wa pamene malamba alumikizana ndi chikwama. Zija za m'misewu ya m'tauni zolembedwa maina otchuka koma za mtengo wa buledi, ulusi wake umaduka katundu akangolemera.

Chachisanu ndi chimodzi: ndege

Ubwino wina wa malita 30 mpaka 40 ndi wakuti chikwamacho nthawi zambiri chimaloledwa kulowa nacho m'ndege. Makampani ambiri amalola makilogalamu 7 kapena 8 ndi kutalika kwa masentimita pafupifupi 55, koma aliyense ali ndi malire ake, ndiye onani pa tikiti yanu, makamaka ndege zotchipa za mkati mwa Ulaya zimene zimalipiritsa chilichonse. Kuchokera pa bwalo la ndege la O.R. Tambo mwina mudzasintha ndege penapake, ndipo chikwama chotumizidwa kunsi chikasochera, ulendo wonse waima. Mpeni sulowa m'ndege, mukagule konko. Ndodo zoyendera nazonso mabwalo ambiri a ndege amakana. Wa pasipoti ya Malawi akumbukire kuti afunika viza ya Schengen yolowera ku Spain ndi France, ndipo mapepala amenewo akhale m'kathumba kosalowa madzi pathupi, osati pansi pa chikwama.

Chomaliza: chiyeseni pa chitunda

Chikwama chimanena zoona pa ola lachitatu, osati m'shopu. Chilongedzeni monga mudzachitire: chogonera ndi zopepuka pansi, zolemera pakati moyandikira msana, jekete ya mvula ndi chakudya pamwamba. Zovala ziikeni m'timatumba ta nsalu kapena tosalowa madzi. Majumbo a pulasitiki ophwanyika aja amadzutsa chipinda chonse mukamalongedza 5 koloko m'mawa, ndipo amwendamnjira anzanu sadzakukhululukirani msanga.

Yambani ndi makilomita 5 m'dera lanu, kenako 10, kenako 20. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kukwera kuposa malo ena alionse a pa Camino Francés, ndiye mapapo anu aphunzira bwino kuno. Koma miyendo imafuna zitunda ndi miyala. Klipriviersberg Nature Reserve, kumwera kwa mzinda, ili pafupi kwa a ku Rosettenville ndi Turffontein. A kumadzulo ali ndi Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, kumene njira imakwera pambali pa mathithi. Palinso Melville Koppies. Pitani pagulu, masana, monga mudziwa mmene mzinda wathu ulili. Tsiku loyamba la wochokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port ndi lokwera mapiri a Pyrenees, makilomita pafupifupi 25 kukafika ku Roncesvalles, choncho zitunda musazizembe.

Kamodzi yendani masiku awiri otsatizana, Loweruka ndi Lamulungu mukatuluka Misa yoyamba, chifukwa ululu weniweni umaoneka pa tsiku lachiwiri. Ndipo ngati ndi nyengo ya dzinja, mvula ya masana ikayamba popanda ziphaliwali, valani jekete, vindikirani chikwama, muyende nayo pang'ono kuti muone pamene madzi akulowera. Kukachita mphezi bisalani, za kuno ku Joni sizicheza.

Mukabwerako vulani malaya muone pagalasi. Kufiira pang'ono pa mafupa a m'chiuno kumene kumatha pakapita ola n'kwabwinobwino, ndiye kuti lamba akugwira ntchito yake. Mikwingwirima pa mapewa, kusupuka m'khwapa kapena dzanzi m'zala zikutanthauza kuti musunthe malamba, muyesenso sabata yotsatira, ndipo zikapitirira mukasinthe saizi nthawi ya lisiti isanathe. Amene ali ndi vuto la msana kapena mawondo lodziwika kale aonane ndi dokotala, ndipo adziwe kuti pa Camino pali makampani, kuphatikizapo a positi a ku Spain otchedwa Correos, amene amanyamula chikwama kuchoka pogona pena kukachisiya pena pa mtengo wa tsiku ndi tsiku. Wotero agule kachikwama ka malita 15 kapena 20 ka masana, nakonso kakhale ndi lamba wa m'chiuno, ndipo akayese pa zitunda zomwezi.